Malaya a Vasilko

Tusekele anathera zaka zake za pa yunivesite ku South Bend, ku America, pa munthu mmodzi womwalira kalekale: Vasilko, kalonga wa ku Russia. Abale ake a kalongayo atangolumbira popsompsona mtanda kuti nkhondo yatha, anamuitanira ku phwando n'kumukolowola maso ndi mpeni. Anzake a Tusekele ankamuseka kuti anakwatiwa ndi mzukwa. Iye analibe nazo ntchito, poti digiri yake yonse inali pa mzukwa womwewo.

Ndiye kunali a Lyson, mphunzitsi wa mbiri yakale pa koleji ina ku Indianapolis, amene iye ankawatcha achimwene. Anapempha kuti awerenge ntchito imene Tusekele ankalemba yokhudza Vasilko, amuthandize. Kuthandiza kwake, ntchito inatuluka m'magazini ya akatswiri, dzina la a Lyson lili pamwamba. Tsopano Tusekele akati aipereke kwa aphunzitsi ake, wakuba aoneka iyeyo. Mtima unamuwawa mpaka chakudya chinkamukanika.

Akuluakulu a mpingo wa Amalawi atamva, anaitanitsa nkhaniyo ku Beech Grove, kunyumba kwa a Lyson komweko. Tangoganizani, mlandu kukambidwira pabalaza pa wakuba! Tusekele anapita ndithu, anapereka moni mogwada, napemphera nawo.

"Mwana wathu," anatero a Hamilton, mkulu wa mpingo, "Amalawi kuno tilipo ochepa. Tisavulane pamaso pa azungu. Achimwene akowa akalipotedwa, ntchito yatha, viza yatha. Apepesa kudzera mwa ine. Gwiranani chanza, nkhani ithere m'nyumba muno."

A Lyson anatambasula dzanja, maso ali pa kapeti. Za kuchotsa dzina lawo pa ntchitoyo, palibe anatchula. Ankadziwa kuti mwana woleredwa bwino sakana dzanja la wamkulu pagulu.

Tusekele analiyang'ana dzanjalo.

"Bambo, Vasilko atamuchotsa maso anakomoka. Mayi wina wachifundo, mkazi wa wansembe, anamuvula malaya a magazi n'kuwachapa. Atatsitsimuka analira. Ankafuna kukaima pamaso pa Mulungu ndi magazi omwewo, aonekere. Inunso musandichapire malaya anga. Achimwenewa ndinawalipota kale Lachisanu, ku koleji ndi ku magazini komwe."

A Hamilton anagwira pakamwa. Dzanja la a Lyson linatsika pang'onopang'ono, ndipo Tusekele anamva kukoma, kukoma kwenikweni kopanda manyazi.

Anatuluka osatsanzika. Atafika pa galimoto, a Madalo, akazi awo a Lyson, anamuthamangira opanda nsapato pa chisanu.

"Tuse! Ndinakakutenga ndine ku eyapoti. Jekete yako yoyamba ndinakupatsa ndine. Nanga ana angawa? Chichewa sayankhula n'komwe, kumudzi akakhala bwanji?"

Pa zenera panali tinkhope tiwiri tikusuzumira. Tusekele ankawakonda anawo. Koma anatsegulabe chitseko cha galimoto.

"Alamu, Vasilko atamasulidwa anakawotcha tauni yathunthu. Amene anafa anali anthu osalakwa."

"Ndiye zimenezo n'zabwino?"

"Ayi, n'zoipa. Ndinalemba momveka kuti n'zoipa. Kafunseni amuna anu, dzina lili pa ntchitoyo ndi lawo."