Timiyala ta Pakhomo pa Genowefa

Fajga Sztern anabwerera kwawo ku Poland tsitsi litayera. Boma linamuthamangitsa ali mtsikana chifukwa cholankhulira anthu omangidwa popanda mlandu, ndipo kunjako anakalamba akulemba mbiri ya Ayuda a m'tauni yawo. Atafika anapeza manda a makolo ake ali munda wa mbatatesi. Ziliza zinamwazikana nthawi ya nkhondo: china ankanolerapo mipeni, china chinatseka khola la nkhumba. Iye ankazitolera kuti zibwerere kumanda.

Chimodzi chinali popondera pakhomo pa Genowefa, mnzake wa kusukulu, zilembo zitayang'ana pansi.

"Wabwera ndi wilibala ngati wogula manyowa," anatero Genowefa. "Mwalawu suchoka pano."

 Maso a Fajga anali pa timiyala tosanjidwa bwino m'mphepete mwa chilizacho. Myuda akapita kumanda sasiya maluwa, amasiya kamwala. Koma m'tauni muno simunatsale Myuda. Nanga ndani?

"Genowefa, amaika timiyalati ndani?"

"Ine. Ukuganiza kuti ndi nkhuku? Ndinkaona anthu akwanu akutero ndili mwana. Si mumatsindira wakufa kuti asadzuke? Chibweretsereni bambo anga mwalawu, ndakhala ndikumutsindira wakufayo. Ukaunyamula, mwiniwake alowa m'nyumba mwanga, iwe uli kutali ukumwa khofi."

Fajga anaseka mpaka kukhala pa wilibala.

"Masamu ankakuvuta, izinso zakuvuta. Kamwala sikatsindira munthu. Kamangonena kuti ndinabwera kudzakuona, sindinakuiwale."

Genowefa anapukuta manja pa epuloni, nayang'anitsitsa timiyalato.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikumuchezera?"

"Kuposa tonse amene tinapita."

"Ha. Ndiye n'chifukwa chake sanandivutitsepo."

Genowefa analowa m'nyumba, natuluka ndi chitsulo chotukulira. Nkhalamba ziwirizo zinalimbana nawo mwalawo, zikunyozana za misana, mpaka unatembenuka. Fajga anachotsa dothi ndi chala, nawerenga Chiheberi pang'onopang'ono.

"Ndi mkazi. Dzina lake Dwojra, mwana wa Hersz. Anali mzamba."

"Mkazi? Ine kumavala shawelo potuluka m'mawa, kuchita naye manyazi."

Atakweza chilizacho pa wilibala, Genowefa anawerama, natola kamwala kamodzi n'kukaponya m'thumba la epuloni.

"Tsogola, koma usathamange. Ndikaone pomwe ukamuike, miyendo yangayi idziwe njira."