Ndinapita Kukapempha Liwu la Amayi

Ndinabwerera ku koleji imene ndinaisiyira panjira nditavala malaya anga a pamaliro a amayi, poti ndi okhawo amene mabatani ake alipo onse. Mlonda wa pageti anandizindikira.

"Mwabwera kudzamaliza, bwana?"

Ndinavomera. Anthu onditchula bwana atsala ochepa, sindikanamukhumudwitsa.

Chimene ndinadzera chinali liwu la amayi. Ndili pasukulu ankanditumizira mauthenga a mawu pafoni, ataliatali, okamba za denga lodontha ndi za mpongozi wa aneba. Ine, wanzeru wa m'banja, ndinkafufuta kuti nyimbo zipeze malo. Khansa itawagoneka ndinasiya maphunziro n'kukawadwazika. Ndinaphunzira kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala a ululu. Zowajambula mawu sizinandibwerere m'mutu. Ndinkati achira.

Amene anawajambula ndi dokotala wina wa kafukufuku, mayi wamfupi wa magalasi, yemwe ankayendera odwala matenda osachiritsika m'makomo mwawo. Atafika kwathu, amayi anandipirikitsa m'chipinda.

"Tuluka iwe, tikujede bwino."

Ndinakhala pakhonde, ndikungomva kuseka.

Tsopano dokotalayo ankafotokoza zotsatira za kafukufuku wake, m'holo yomweyo imene ndinalepheramo mayeso a masamu. Ndinakhala kumbuyo, pampando wanga wakale. Anati zimene analemba zatchulidwa ndi ofufuza a m'mayiko ambiri, kuti anamwino akuziphunzira m'kalasi, ndipo zipatala zina zayamba kufunsanso za moyo wa wodwazika, osati wa wodwala yekha. Kenako pakhoma panaoneka mawu akuluakulu, pansi pake atalemba kuti Wodwala Nambala 9.

"Mwana wanga akamandisambitsa amatsinzina, akuti ulemu. Ndiye sopo amathera m'kamwa mwangamu. Ine ndimangomeza. Wofunika kumusamala m'nyumba muno ndi iyeyo."

Holo yonse inaseka, kenako onse anawerama n'kuyamba kulemba. Pulofesa wina anaimirira n'kunena kuti mawuwa akuonetsa mtolo wobisika wa anyamata odwazika makolo. Mtolowo unali utakhala kumbuyo kwake, ukutuluka thukuta m'khwapa. Anzanga amene ndinayamba nawo sukulu akuvutikabe kuti alowe m'mabuku a akatswiri. Ine ndinalowamo kalekale, ndi sopo.

Atamaliza ndinaima pamzere wa opereka moni. Nditafika ndinalephera kudzifotokoza.

"Ndine... mwana wa Nambala 9."

Anavula magalasi. "Pepani achimwene. Ndinamva mochedwa za maliro. Tiyeni ku ofesi."

Ofesi yake inali kachipinda kodzaza makatoni, ketulo ili pamwamba pa mabuku. Anachotsa mapepala pampando kuti ndikhale. Ndinali nditakonza mawu aulemu m'njira monse, koma anatuluka ngati a mwana wopempha switi.

"Adokotala, mundigawireko mawu aja. Ngakhale pang'ono pokha. Ndayamba kuiwala mmene ankamvekera."

Yankho lake ndinalidziwiratu.

"Tinafufuta, achimwene. Ndi mmene timagwirira ntchito. Tikamaliza kulemba zimene munthu wanena, mawu ake timawafufuta, kuti wina asadzamuzindikire. Ndinawalonjeza choncho mayi anu asanayambe kulankhula."

"Kuti wina asadzawazindikire," ndinatero. "Mwakhoza ndithu. Inu munafufuta chifukwa cha lamulo. Ine ndinafufuta chifukwa cha nyimbo zovinira."

Ndinaseka. Kusekako kunakhota panjira, ndipo ndinapezeka ndikupukuta mamina ndi mkono wa malaya, pamaso pa munthu wotchulidwa m'mayiko ambiri. Sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Mwina kafukufuku wake anamuletsa.

"Ndinalemba ndekha mawu awo," anatero. "Ankalankhula mothamanga, n'kumameza mathero a mawu. Ndinkabweza, kubweza, mpaka ana anga kunyumba anayamba kuwayeserera. Ndikhoza kuyesa. Koma sakhala iwowo."

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anakhosomola, n'kuyang'ana kukhoma mwamanyazi.

"Aaa, mwana wangayu akamandisambitsatu..."

Liwu linali lopyapyala kwambiri, la munthu amene sanakalipirepo mwana ali kutsidya kwa msewu. Koma pakati pa chiganizo anaima, n'kukoka mpweya ndi mano, monga ankachitira amayi ululu ukawabaya, akunamizira kuti akuganiza mawu otsatira. Ndinkayesa kuti ndine ndekha amene ndinkadziwa kupuma kumeneko.

"Simunakhoze," ndinatero.

"Ndikudziwa."

"Amayi sankati sopo. Ankati sooopo."

"Zoona. Ndinaiwala."

"Tabwerezani."

Wophunzira wina anagogoda n'kusuzumira, mapepala ali m'manja. Dokotala sanatembenuke n'komwe.

"Dikirani panja," anatero. Chitseko chitatsekeka anandiyang'ana. "Ndiyambire pati, achimwene?"

"Poyambirira. Musathamange."