Maufumu a M'dimba la a Rodrick

"Kiyiyo mubweze lero, amayi," anatero Pempho ataima pachipata cha dimba, akuyang'ana foni. "Sitima ya ku Manchester siidikira munthu."

Anachisale anamusiya mwana wawoyo pachipatapo nalowa m'dimbamo. Chiikireni amuna awo, a Rodrick, m'manda a kuno ku Sheffield, mawu a anthu ankawamva ngati akuchokera kuseri kwa chitseko. Dimbali linali lalendi, pamtunda pomwe mphepo siipuma, ndipo linali m'dzina la malemu okha. Akomiti anali atanena kale: wamasiye akalifuna alitenge, apo ayi lipita kwa wina amene akudikira.

"Mukakhala kwathu ku Manchester. Mdzukulu wanu Miracle alibe womutenga kusukulu, ine mashifiti akuchipatala andimaliza. Kuno mutsalira chiyani? Kabichi?"

"Ndamva. Makutu ndili nawo."

Ku Dedza a Rodrick ankaphunzitsa mbiri yakale kusekondale. Kuno anathera kulongedza makatoni ku Rotherham, ndiye mbiri yonse ija anaithira m'dimba muno. Bedi lililonse linali ndi kathabwa kake ka dzina la ufumu wakale. Pa chimanga chomwe chinkatalika bwino koma n'kupsa ndi chisanu chisanakhwime, analembapo Mali. Pa rubabu, chomera chowawasa chija chokana kufa, analembapo Byzantium. Kumapeto anasanja miyala popanda simenti, ati Zimbabwe Wamkulu. Pansi pa dzina lililonse panali zaka ziwiri, choyambira ndi chothera. Anachisale anaziyang'ana nthawi yaitali. Ndi mmenenso analembera pamtanda wa amuna awo.

Anachisale sukulu anailekezera sitandade folo, ndipo za maufumuzi zinkangowatopetsa. "Mali wanuyu tidzadya liti?" ankatero. A Rodrick ankaseka. "Dekhani, mayi. Awa onse anakula mpaka kuiwala pothera malire awo. Kugwa kumayambira pamenepo." Anachisale ankanyamula masamba awo n'kumapita, munthu akulankhulabe.

Kuseri kwa mpanda kunatulukira a Ken, mzungu wokalamba wa dimba loyandikana, yemwenso anali m'komiti. Anavula chipewa, napepesa maliro. Kenako analoza pansi.

"A Mongol abweranso," anatero m'Chingerezi.

Kathabwa ka pamenepo kanalidi ndi dzina limenelo. Panali minti, masamba onunkhira aja othira mu tiyi. Mizu yake inali itadutsa pansi pa waya n'kudzaza m'mizere ya anyezi wa a Ken.

"Akuti chiyani ameneyu?" anafunsa Anachisale, ngakhale theka anali atalimva.

Pempho anamasulira mothamanga. "Akuti chaka chilichonse adadi ankalowa mbali yawoyo kukazula okha. Ati anawadzala ndi iwo, ndiye owabweza kwawo ndi iwonso. A Ken akawaletsa, sankamva. Chaka chino..." Analekeza. Kenako anatambasula dzanja. "Amayi, nthawi. Kiyi."

Anachisale anaitulutsa kiyi ija, naiyang'ana, naibwezera m'thumba la jekete.

"Muuze alembe dzina langa. Edwina. Malo omwe ano, asandikankhire kukona kwina."

"Nanga Miracle?"

"Ali ndi bambo ake. Si wamasiye. Loweruka uzibwera naye, azidzanyamula madzi."

"Inu simukonda n'komwe kulima!"

"Ndanena kuti ndimakonda? Pita, sitima ikusiya."

Pempho sanapite. Anangoima pomwepo, chikwama chili paphewa.

Anachisale anazungulira mpanda n'kulowa m'dimba la a Ken osaodira. Pawaya panali patakolekedwa katoni yopindidwa, ya kuntchito kwa amuna awo, yofewa ndi mvula. Ataiyala pansi anaona tizigwa tiwiri takuda pamene mawondo ankafikira. Anagwada, naika mawondo awo momwemo. Panatsala malo m'mbali, poti mwamunayo anali wamkulu thupi.

Anagwira muzu woyamba nayamba kukoka, molowera kwawo.