Khoma Limene Achimwene Anakonza

Namwino atatsika m'galimoto ya injiniya, anamva fungo la penti asanafike n'komwe pakhonde. 

Nyumbayo anamangitsa chaka chatha, koma mvula yoyamba itangogwa, khoma la kuchipinda kwa ana linang'aluka, mng'alu wake wolowa dzanja. Kontilakitala amene anaimanga anakana kwamtuwagalu kuti vuto ndi lake, nkhani n'kupita kukhoti. Loya ananena mosapita m'mbali kuti misozi siwina mlandu. Pankafunika katswiri woti aone khomalo ndi maso ake, akachitire umboni. Namwino anafufuza milungu itatu. Wina analibe mapepala, wina anali mnzake wa kontilakitala yemweyo. Injiniya waimvi ameneyu ndiye amene loya anamuvomereza.

Tsopano khoma lija linali see, loyera mbee. Achimwene ake a namwino, amene anabwera kudzacheza sabata imodzi koma anali m'mwezi wachinayi, anaima pambali akumwetulira, penti ali m'zigongono.

"Ndinamva kuti kukubwera mlendo wolemekezeka, mlongo," anatero. "Ndikanalola bwanji kuti aone manyazi athu?"

Munthu amene miyezi inayi yonse sanatsukepo ndi kapu yomwe, ntchito anakaipeza pa umboni!

Injiniya anagogoda khomalo, anaona zithunzi za pafoni, n'kupukusa mutu. Anati zithunzi sizionetsa kuya kwa mng'alu, ndipo kugumula pulasitala sikungathandize, poti loya wa mbali inayo akanena kuti khomalo analiwononga okha. Namwino anamuchonderera kuti angolemba zimene aliyense pamalopo ankadziwa.

"Amayi, kukhoti ndikalumbira. Akandifunsa chimene ndinaona, ndikati ndinaona penti."

Komabe anati maziko akadali oipa, ndiye mvula ikabwera mng'aluwo ubwereranso. Loya apemphe khoti lidikire, ndipo likang'aluka amuimbire tsiku lomwelo. Asanakwere galimoto anawonjezera kuti iye sangagoneke mwana m'chipindamo.

Namwino anapsa mtima, koma sanakalipe. Anakokera bedi la ana kubalaza, kumene achimwene ankagona. Kenako ananyamula matilesi a achimwenewo ndi chikwama chawo, n'kukaponya m'tsinde mwa khoma loyera lija.

"Kodi sanati n'koopsa kuno?" anafunsa achimwene, kumwetulira kutatha.

"Mwakonza nokha, achimwene. Likayamba kung'aluka mundiuze, ndimuimbire injiniya."