Mabowo a M'khoma ku Ballarat

Sitima ya ku Ballarat inanyamuka mochedwa. Bronwen Trethowan anakhala chakuwindo, chikwama pamiyendo. Mwezi wa Julayi. Kunja kunali mbuu ndi nkhungu.

Loweruka lapitalo anagwira ntchito yaikulu ku Ballarat, kunyumba kwa bambo ake, a Clive, omwe ankakhala okha ndi galu wawo Nugget. Nyumba yamatabwa, yakalekale, yolowa mphepo ngati dengu. Hita ya gasi inkayaka tsiku lonse. Kutentha kumathawira kunja, utsi n'kumakawononga mlengalenga pachabe. Bronwen zinkamuwawa zimenezi. Anaitanitsa makina amagetsi otenthetsera nyumba, oti adzaikidwe pakatha masabata awiri. Podikira, anatseka mipata yonse. Pansi pa zitseko. M'mawindo. Ngakhale timabowo ta mpweya tam'mwamba mwa khoma anatimata tonse.

Sitima itadutsa Melton, foni inalira. Anali Stavros, mmisiri woika makinawo.

"Achemwali, zithunzi za nyumba mwatumiza zija ndaziona. Mabowo am'khomawo wamata ndani?"

"Ineyo. Ndagwira ntchito, eti?"

"Hita yakale ija mwachotsa?"

"Ayi. Adadi angaume ndi chisanu."



"Mvetserani bwino. Hita imeneyo imapumira m'mabowomo. Mukamata, wina n'kuyatsa fani yotulutsa fungo kukhitchini, utsi sukweranso m'chumuni. Umabwerera m'nyumba. Sununkha, suoneka. Munthu amangomva mutu, kenako tulo. Ena sadzukanso."

Mutu. Dzulo lomweli bambo ake anadandaula mutu, iye n'kuwaseka kuti ndi mowa wa kukalabu.

Anawaimbira. Inaitana, inaitana. Kenako anayankha.

"Kodi ndi a nduna ya zanyengo?" Mawu awo anali olemera, lilime ngati latupa.

"Adadi, hita ikuyaka?"

"Nanga izime? Ndikukazinga masoseji. Ndangokhala kaye pansi, miyendo yakana."

"Fani mwayatsa?"

"Si iwe umati nyumba ino imanunkha mafuta?"

Bronwen anagwira mkono wa mayi wina amene anakhala naye pafupi. "Chonde imbani 000. Ambulansi." Anatchula msewu ndi nambala ya nyumba, n'kubwerera pafoni.

"Adadi, dzukani. Tsegulani chitseko mutuluke panja. Pompano."

"Ha! Loweruka unandikalipira ngati mwana chifukwa chosiya chitseko pululu. Lero nditsegule? Dziko umati likutentha lija lazizira kale?"

"Ndinalakwitsa. M'nyumbamo muli mpweya wakupha. Ndinautsekera ndine."

"Tabwereza. Walakwitsa? Iwe? Mayi ako akanakhala moyo akanalemba pakalendala."

Anaseka. Kuseka kwawo kunathera m'chifuwa.

"Ndigone pang'ono kaye, Bron. Mphindi zisanu."

"Musagone! Gwirani tebulo muimirire. Ndikuwerenga. Wani. Thuu."

Mpando unakhwekhwerezeka. Chinachake chinagwa n'kusweka. Bronwen ankamva kupuma kwawo, kenako dzanja likupapasa khoma. Anthu m'sitima anali atasiya kucheza. Onse maso pa iye.

Chitseko chinalira.

"Ndatuluka. Kuzizira kwake! Mtima wakhala pansi?"

"Khalani pakhonde pomwepo. Ambulansi ikubwera. Pumani kwambiri."

"Ndikupuma, abwana." Anatsokomola. Mawu anayamba kumveka bwinoko. Kenako anayamba kuitana galu.

"Adadi?"

"Nugget sanatuluke. Chigonereni m'mawa pafupi ndi hita. Ngakhale fungo la soseji silinamudzutse."

"Musiyeni. A ambulansi akamutenga."

"Zaka khumi ndi zitatu tili limodzi, ndimusiye? Wapenga iwe."

"Adadi, musalowenso! Adadi!"

Bambo akewo anaika foni pansi. Bronwen anamva kugunda kwake pathabwa la khonde. Mapazi akukokedwa. Mluzu woitana galu, wofooka. Kenako anatseka chitseko, bwinobwino monga iye anawauzira Loweruka, mpaka loko kulira.

Sitima inaima pa Bacchus Marsh. Anthu anatsika, ena anakwera. Ku Ballarat kunali kudakali kutali. Bronwen anakanikiza foni kukhutu, akuitanabe. Munkangomveka mphepo.