Mneni Mmodzi pa Mlungu

Otilia Geresomo anali atagwira ntchito yolandira alendo pa ofesi ina ya minda ya nzimbe ku Nchalo kwa zaka khumi ndi chimodzi pamene kalata inafika. Inati aliyense wopanda kirediti ya Chingerezi pofika pa 31 Okutobala adzasiya mpando wake.

Analembetsa mayeso a fomu folo. Kenaka anapita kwa a Fanizo, mphunzitsi wopuma amene ankaphunzitsa akuluakulu masana pansi pa mtengo wa nimu.

A Fanizo anali ndi njira imodzi, yomwe anaiyamba mu 1987. Mlungu uliwonse ankatenga mneni mmodzi wa Chingerezi wa mawu awiri, kulemba matanthauzo ake onse ndi mawu ofanana nawo, motsatira alifabeti. Wophunzira sankapita patsogolo asanawanene onse pamtima.

Pa 3 Febuluwale anayamba ndi "back up". Mu Epulo, fumbi litayamba, anali pa "carry on".

"Aphunzitsi, nanga chimangirizo tidzayamba liti?" anafunsa Otilia.

"Mayi, mukuthamangira kuti? Tanenaninso. Kupitiriza, kusaleka, kenaka?"

"Kuchita phokoso."

"Ehe. Ana a masiku ano amadziwa tanthauzo limodzi lokha, n'kumayenda ngati anakaona London."

Otilia anaseka pang'ono. Kope lake linadzaza. Ankalakatula pa kabaza popita kuntchito, mpaka wopalasa njinga anayamba kumuyankha.

Mayeso anafika mu Julaye ali pa "give up", matanthauzo asanu. M'chipinda munali ana a msinkhu wa mwana wake woyamba. Anatsegula pepala. Panali nkhani yoti afupikitse, panali kalata yoti alembe, panali chimangirizo cha mawu mazana atatu. Pa zonse zimene anaphunzira miyezi isanu panabwera funso limodzi, la malikisi amodzi. Analikhoza. Pa chimangirizo analemba mizere isanu ndi iwiri, nthawi n'kutha.

Madzulo ake anadzera kwa a Fanizo. Anawapeza atavala tayi, akumudikira pamsewu.

"Zayenda bwanji, mayi?"

Otilia anayang'ana kolala yawo yothetheka.

"Zomwe munandiphunzitsa ndakhoza, aphunzitsi."

"Ndinadziwa ine," anatero akugwedeza mutu.

Zotsatira zinatuluka mu Seputembala, kirediti ya Chingerezi panalibe. Otilia sanadikire Okutobala. Lolemba m'mawa anapereka makiyi a kabati, nakafunsa kapitawo wa kumunda ngati pagulu la amayi opalira nzimbe panali malo.