Maliro a pa Kaseti

Dokotala Mordecai Shawa anatsika basi pa Chinyunyu mumtima atasiya kale ntchito. Anali asanauze munthu aliyense, koma nkhani anali ataimaliza okha: aone ophunzira awo a kumudzi kamodzi kokha monga analamulira akuluakulu, abwerere ku Lusaka, akauze mkulu wa dipatimenti kuti zikomo kwambiri, za uphunzitsi zakwana, akapume kwawo ku Katete.

Musawaweruze msanga. Zaka zimenezo za m'ma 1990 pa yunivesite zinthu zinali zitatembenuka. Boma linati thumba labooka. Anzawo ambiri anawoloka malire kukaphunzitsa ku Botswana, ndipo otsala anayamba kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba, mwakuti pulofesa wina wa masamu ankadziwika ndi mazira kuposa masamuwo. Kenako kunabwera nzeru yatsopano yakuti popeza ophunzira sangakwane onse pa yunivesite, yunivesiteyo iwatsate kumene ali. Aphunzitsi a ku pulayimale ofuna kuwonjezera maphunziro asasiye ana awo. Azingotumiziridwa mapepala ndi makaseti.

A Shawa, munthu amene anaphunzitsa mbiri ya Afirika m'holo yodzaza mpaka ena kukhala pamasitepe, anapatsidwa kachipinda kopanda zenera, mpando ndi maikolofoni. Anauzidwa kuti alankhule ngati ali m'kalasi. Ngati ali m'kalasi, pamene akulankhula ndi khoma! Iwo anazolowera kuona nkhope, kuona wina akusinza n'kumuponyera funso, kuona maso a mwana akuwala pamene chinthu chalowa. Makasetiwo anajambula onse, poti ntchito ndi ntchito, koma sanamvereko ngakhale imodzi. Ankati mphunzitsi wopanda ophunzira ndi wailesi chabe. Kunyumba nakonso kunalibe wowabweza maganizo, pakuti akazi awo anali atamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo ana anali kutali.

Linali Loweruka m'mawa. M'mbali mwa msewu munali matumba a makala, nthochi ndi mabotolo a uchi, ndipo chapatali nthunzi ya madzi otentha a pa kasupe inkafuka pakati pa mitengo. Mayi wina wogulitsa nthochi anawalozera njira ya ku sukulu asanamufunse n'komwe, kenako anagwada pang'ono n'kuwomba m'manja mwakachetechete. A Shawa anadabwa, koma anangoti ndi ulemu wa kuno.

Pa sukulupo anawachingamira ndi a Phinias Mvula, mphunzitsi wamkulu, amenenso anali mmodzi wa ophunzira a pa kaseti. Anali bambo wamtali, wa imvi za m'mbali, atavala jekete yakuda ngakhale dzuwa linali litayamba kale kuluma. Sanamwetulire. Anawalandira chikwama, n'kuwagwira dzanja ndi manja onse awiri kwa nthawi yaitali.

"Ba Dokota, mwafika," anatero a Mvula motsitsa mawu. "Tiyeni."

A Shawa anadziwiratu kuti kuli madandaulo. Mapepala achedwa, mayeso sanachongedwe, makaseti akulira ngati njuchi. Anakonzeka kuyankha kuti zonsezo si za iwo, ndi za a ku ofesi.

Koma m'kalasimo munalibe kalasi. Madesiki anali atakankhidwira kukhoma, pansi atayala mphasa. Azimayi anali atakhala pansi, miyendo atatambalala, zitenje m'chiuno ndi maduku kumutu. Azibambo anali chauko pa mabenchi, mitu atazolika. Pakona panali maungu, kadengu ka mtedza ndi nkhuku yomanga miyendo. Munthu wobadwira ku Katete sachita kuuzidwa tanthauzo la makhalidwe otere. A Shawa anavula chipewa, manyazi atawagwira kuti abwera ndi za sukulu pa tsiku lolakwika.

"Pepani, sindinadziwe," ananong'oneza a Mvula. "Kodi kuno kwagwa zovuta?"

"Zagwa, ba Dokota," anayankha a Mvula. "Koma si kuno. Ni kwanu."

Anawakhazika pa mpando wokhawo umene unali pakati. Mayi wina wamfupi, wa nkhope yozungulira, anasendera kutsogolo chogwada. Uyu anali Estina Daka, mphunzitsi wa giredi 3, amene ankasunga wailesi ya gululo.

"Ba Dokota, ise ndise ana anu, olo simunationepo," anatero Estina. "Tinamva za amayi. Munatiuza nokha pa kaseti. Ku Lusaka tinalephela kubwela, mutikhululukile. Manje pamene tinamva kuti muzabwela, tinati tikupepeseni kuno."

A Shawa anadzifunsa mumtima. Iwo anawauza? Pa kaseti?

Estina anaona kuti sakumvetsa. Anatenga wailesi ija, natulutsa kaseti, n'kuibweza m'mbuyo poizunguliza ndi cholembera kuti asathe mabatire. Ataiikamo, m'kalasimo munamveka mawu a a Shawa, m'Chingerezi chawo cha pa yunivesite, akufotokoza za amalonda a minyanga amene ankawoloka Luangwa. Mawuwo anali osasa. Pakati pa chiganizo analeka. Kunamveka kupuma kokha, ndi mpando kulira. Kenako mawu omwewo anabwerera, koma m'Chinyanja, otsika ngati a munthu wolankhula ndi a pabanja pake.

"Pepani ana anga, mawu anga lero sali bwino. Taika amayi a kunyumba Lachiwiri lapitali. Koma tiyeni tipitirize."

Estina anazimitsa pomwepo.

Apa mpamene a Shawa anakumbukira. Anapitadi ku kachipinda kaja sabata imene anaika maliro, chifukwa kunyumba kunali kosakhalika. Zimene analankhula tsikulo sankazidziwa. Mutu unali kwina. Mnyamata amene ankawajambula mawu mwina sankamvetsera, kapena anachita ulesi kufufuta. Ndipo kaseti ilibe tsiku. Chaka chilichonse a ku ofesi ankangojambulanso makaseti omwewo n'kutumiza kwa ophunzira atsopano. Kwa anthu awa, amene anailandira mwezi womwe uno, Lachiwiri lapitali linali Lachiwiri lapitali.

"Munakamba kuti tipitilize," anatero a Mvula, "koma ise sitinapitilize. Tinaimitsa pamene apa. Tingaphunzile bwanji aphunzitsi athu ali pa malilo? Kuchoka tsiku lija kaseti sitinaigwile."

"Nanga ntchito yolemba ija yofunika kutumiza kutha kwa mwezi?" anafunsa a Shawa, uphunzitsi utawatsogolera pakamwa.

"Izachedwa chabe," anayankha a Mvula.

Kunena zoona, a Shawa anayesedwa kuti angokhala chete, alandire chipepesocho, anthu asachite manyazi. Anayang'ana maungu aja, nayang'ana azimayi amene anasiya minda ndi zochapa za Loweruka kudzakhala pa mphasa chifukwa cha munthu amene sanamuonepo. Koma munthu amene wakhala moyo wake wonse akuphunzitsa ana kufunsa kuti chinthu chinachitika liti sakanatha kunama pa tsiku.

"Abale anga," anayamba. "Ndiyenera kukuuzani. Kaseti iyi ndi yakale. Amayi anatisiya zaka ziwiri zapitazo."

A Mvula anayang'ana nsapato zawo. Bambo wina anakhosomola popanda chifuwa. Mphunzitsi wina wachitsikana anabisa nkhope m'chitenje, kaya ndi manyazi kaya ndi kuseka, ndipo nkhuku ija inasankha nthawi yomweyo kuti ikupize mapiko. A Shawa anamva chisoni kwambiri, osati cha maliro, koma cha anthu abwinowa amene makina anawapusitsa. Anafuna kupepesa m'malo mwa yunivesite yonse.

Estina yekha sanagwetse maso.

"Ba Dokota, nifunseko," anatero. "Nthawi ija, ana a sukulu anu anabwela kuzakhala na imwe?"

A Shawa anapukusa mutu. Yunivesite inali yotseka nthawi imeneyo, ophunzira onse atabwezedwa kwawo. Anzawo a ntchito anabwera ochepa, ena anali kale kunja, ena anangotumiza mawu. Achibale anachoka tsiku lotsatira kuthamangira basi. Zonse zinachitika mwa m'tauni, mwachangu, ngati munthu akutseka sitolo.

"Palibe anabwera," anayankha. "Sukulu inali yotseka."

"Ndiye kuti sitinachedwe," anatero Estina. "Malo a ana anu a sukulu anali chikhalile opanda munthu. Malilo n'kulilana, ba Dokota. Khalani pansi mtima, tikulileni."

Sanadikire yankho. Anayambitsa nyimbo ya pa maliro ya kwawo kummawa, motsitsa, ndipo azimayi ena anailandira, azibambo n'kuikira pansi mawu awo okhuthala. Inali nyimbo imene a Shawa anaimva komaliza ali mnyamata. Anayesa kulimba monga amachitira madokotala a mabuku. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Sizinathandize. Analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka, misozi ya zaka ziwiri imene inasowa poigwetsera. Palibe amene anawatonthoza msanga. A Mvula anangosendeza benchi n'kukhala pafupi, phewa kukhudza phewa.

Nyimbo itatha, Estina anafunsa kuti amayiwo dzina lawo anali ndani.

"Leah," anatero a Shawa, ndipo anadabwa kumva kukoma kwa dzinalo pakamwa pawo. Anawauza kuti Leah ankagwira ntchito ku laibulale, ndipo akaweruka msanga ankalowa m'holo n'kukhala kumbuyo kwenikweni akuluka juzi, kudikira kuti apitire limodzi kunyumba. M'njira ankawauza mosapsatira kuti lero mwawataya ana aja pa nkhani ya Angoni, mumathamanga ngati mukuthawa mvula.

"Anali kukamba zoona," anatero bambo uja wokhosomola. "Pa kaseti yachiwili mumathamanga maningi. Tinabweza mpaka mabatile anatha."

Anthu anaseka, a Shawa nawonso anaseka, misozi ikadali m'masaya. Kuseka kumeneko kunamasula zonse. Zinapezeka kuti anthuwa ankawadziwa bwino kuposa ana a m'holo muja. Ankadziwa kuti akafuna kunena chinthu chofunika amayamba agogoda patebulo. Ankadziwa nthabwala zawo, ndi ina imene sinaseketse aliyense. Mayi wina anati amatsutsana nawo pa za malonda a mchere, chifukwa agogo ake a mtundu wa Chisoli ankasimba mosiyana, ndipo wakhala akuyankha wailesiyo mokweza mpaka anzake kumuletsa.

"Manje tiyatse tipitilize?" anafunsa a Mvula, dzanja lili pa wailesi.

"Isiyeni," anatero a Shawa akuimirira. "Mwini wake ndilipo. Pali choko?"

Anaphunzitsa mpaka dzuwa kupendeka, ophunzira ali pa mphasa pomwepo ndi maduku awo a pa maliro. Mayi wa mchere uja anawapanikiza ndi mafunso mpaka anavomera kuti nkhaniyo iyenera kufufuzidwanso. Anali ataiwala kuti kutsutsidwa ndi wophunzira kumakoma chotere.

Powaperekeza ku msewu, a Mvula ananyamula chikwama, ena maungu ndi mtedza, koma nkhuku anaumirira kuinyamula okha a Shawa. Anaima mbali yodikirira basi ya ku Lusaka. Mtima wawo unali wopepuka, komanso wosokonezeka, pakuti zimene anabwera atatsimikiza sizinkaonekanso zowongoka ngati m'mawa. Estina ankangopotokola nsonga ya chitenje chake ngati mwana amene waswa mbale.

"Ba Dokota, pali kanthu kena," anatero pomaliza. "Uthenga wa malilo susungika. Ine ninatuma mau na kondakitala kwa anzathu a gulu la ku Rufunsa, kuti mvelani kaseti yachinai. A ku Rufunsa anauza a ku Mpanshya."

"Ndiye?"

"Nawonso anaimitsa. Akuti sazayatsa mpaka akuoneni."

A Shawa anayang'ana msewu wolowera kummawa, umene unkakwera phiri n'kukabisala m'mitengo. Kumeneko kunali anthu ena, m'makalasi ena, amene anatseka mabuku awo ndi kuika pachiswe mayeso awo chifukwa mphunzitsi wawo anali ndi chisoni. Ndipo iwo anakhala zaka ziwiri akudandaula kuti akulankhula ndi khoma. Anachita manyazi, koma anali manyazi otentha bwino m'chifuwa, osakanikirana ndi chimwemwe.

Basi ya ku Lusaka inatulukira, n'kuima ndi fumbi lake. Kondakitala anatulutsa mutu pazenera.

"Lusaka, Lusaka! Mudala, tiyende?"

A Shawa anapanira bwino nkhuku ija m'khwapa, natenga chikwama m'manja mwa a Mvula, nayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kuwoloka msewu.

"Pitani, mwana wanga," anamuyankha. "Ine ana anga a sukulu akundidikira uku."